Phiri la Zomba, Sukulu ya Woyamba Kumene Kuyendetsa 4x4

Pambali pa giya ya galimoto zambiri za 4x4 pamakhala kandodo kena kakafupi, kapena kabatani kopotokola, kolembedwa 2H, 4H ndi 4L. Eni galimoto ambiri m'tauni amakhala nako zaka zisanu osakakhudzako. Hilux imachoka ku Namiwawa kupita ku Ginnery Corner, madzulo n'kubwerera, chaka chonse ikuyenda ndi matayala awiri ambuyo okha, pamene mwini wake analipira ndalama ya matayala anayi. Tsiku lomwe kandodoko kadzafunike limakhala la maliro kumudzi, mvula ikukhuthuka, kumbuyo kuli azakhali asanu ndi matumba a ufa. Limenelo si tsiku lophunzirira.

Malo ophunzirira alipo, ndipo sali kutali. Kuchoka ku Blantyre pa msewu wa M3 ndi makilomita osakwana 70 kufika mu mzinda wa Zomba, womwe unali likulu la dziko mpaka 1975. Mzindawo uli m'tsinde mwa phiri, pa mamita pafupifupi 900 kuchokera pa nyanja yamchere. Phirilo ndi losiyana ndi mapiri osongoka omwe tinazolowera: pamwamba pake ndi potakasuka ngati lichero, masikweya kilomita pafupifupi 130 m'bwalo lake lonse, m'mphepete muli nsonga, pakati pali chigwa momwe mukuyenda mtsinje wa Mulunguzi. Nsonga yaitali kuposa zonse, Malumbe, imapitirira mamita 2,080. M'lichero limeneli muli misewu yadothi yomwe anailambula a zankhalango kuti azisamalira ndi kutulutsa mitengo ya paini, ndipo misewu imeneyi ndiyo sukulu yathu.

Ndikuti sukulu chifukwa phirili limapereka mayeso mwa dongosolo, ophweka poyamba, ovutirapo pambuyo. Mumayamba ndi tala, kenako dothi lolimba, kenako miyala ndi makwawa okumbidwa ndi madzi. Mukatopa kapena mantha akakugwirani, pali potembenukira, ndipo chipatala, makaniko ndi mafuta zili m'munsimo, osati ulendo wa tsiku lonse ngati ku Nyika.

Chigawo choyamba, kuchoka m'tauni kukwera mpaka ku hotela ya Ku Chawe, n'chatala, ndipo ngakhale kagalimoto kakang'ono kamafika. Kale kunali misewu iwiri, wina wokwerera wina wotsikira, chifukwa yonse inali yopapatiza moti galimoto ziwiri sizikanapatukirana. Lero msewu umodzi ndiwo umanyamula okwera ndi otsika omwe. Pano kandodo kaja kasiyeni pa 2H, ndipo chifukwa chake n'choyenera kuchimvetsa, popeza ambiri amaonongera galimoto pomwepa. Galimoto ikamakhota, matayala akutsogolo amayenda mtunda wautalipo kuposa ambuyo. Pa Hilux, Ranger kapena Isuzu, mukaika 4H mumamangirira kutsogolo ndi kumbuyo kuti zizizungulira pa liwiro limodzi. Pa dothi palibe vuto: tayala limatsetsereka pang'ono, kusiyanako n'kutha. Pa tala louma tayala limagwira zolimba, ndiye kusiyana konse kumatsalira m'zitsulo. Chiwongolero chimauma, galimoto imanjanja pokhota, ndipo mukapitiriza, mudzakumana ndi makaniko ali ndi pepala lalitali. Galimoto zina, monga Prado, zimakoka ndi matayala anayi nthawi zonse chifukwa zili ndi difu yapakati yololeza kusiyanako. Dziwani yanu ili m'gulu liti musananyamuke.

Palinso gulu lachitatu, lomwe ladzaza misewu yathu: ma RAV4 ndi ma X-Trail ochokera ku Japan. Izi zimatha kukoka ndi matayala anayi koma zilibe 4L, ndipo mimba yake ili pafupi ndi nthaka. M'chilimwe zimafika malo ambiri paphiripa ngati woyendetsa ali wodekha, koma si zokakamiza pa miyala.

Pokwera mudzamva injini ikulemedwa kuposa masiku onse. Si matenda. Mpweya wakumwamba ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zake pa mamita 1,000 aliwonse omwe yakwera. Kuchoka ku msika wa Zomba kufika pamwamba pa phiri ndi pafupifupi mamita 1,000 omwewo. Tsitsani giya, musaikakamize. Ndipo maso akhale pa makona, chifukwa msewuwu eni ake enieni ndi anyamata otsika ndi njinga zosenza nkhuni mulu wopitirira mutu wawo, ena buleki yawo ili chidendene cha nsapato pa tayala. Munthu wotere sangaime mwadzidzidzi ngakhale atafuna. Inu ndinu muli ndi mabuleki anayi, patukani ndinu.

Chakumtunda, m'mbali mwa msewu, mudzapeza ogulitsa masitiroberi, mabulosi ndi magalagadeya m'timbale, enanso atayala miyala yonyezimira yokumbidwa m'mapiri a Zomba ndi Malosa. Imani mugule, koma chachikulu funsani za msewu. Anthu amenewa, pamodzi ndi anyamata operekeza alendo omwe amakhala chapafupi ndi hotela, amadziwa mtengo womwe wagwa usiku, mlatho womwe matabwa ake achoka, ndi komwe malole a matabwa adutsa sabata ino. Mapu a pa foni sadziwa zimenezo. Safunsa anadya phula. Kutenga mmodzi wa operekezawo n'kumulipira bwino ndi ndalama yomwe simudzadandaula nayo, chifukwa mphambano za m'nkhalango ya paini zimafanana ngati mapasa, ndipo zikwangwani n'zosadalirika.

Tala likatha, imani pamalo athyathyathya. Apa ndi pochita zinthu zitatu zomwe woyamba amachita nazo manyazi, ngati kuti anthu amuseka. Phungulani mpweya m'matayala pang'ono: ngati mumayendera 2.2 pa tala, tsitsani kufika cha pa 1.8. Tayala lofewerapo limakumbatira mwala m'malo modumphapo, ndipo msana wa apongozi anu kumbuyoko udzakuthokozani. Koma chitani izi pokhapokha muli ndi pampu yobwezera mpweya musanabwerere pa tala. Ngati galimoto ndi yakale, ya mahabu otsekera pamanja, tsikani mukapotokole pa matayala onse awiri akutsogolo. Kupanda kutero kandodo kadzanena kuti 4H pamene akukoka ndi ambuyo okha. Pomaliza gwadani, musuzumire pansi pa galimoto, muone chomwe chili chotsika kwambiri. Kawirikawiri ndi chibunthu cha difu yakumbuyo. Loweza komwe chili, pakati kapena chakumbali, chifukwa mwala uliwonse womwe mudzaulowetse pakati pa matayala udzakumana ndi chimenecho.

Tsopano ikani 4H. Ulendo woyamba ukhale wa m'chigwa, kutsata Mulunguzi. Mudzadutsa damu lalikulu lomwe linamalizidwa cha m'ma 2000, lomwe madzi ake ndi omwe amatuluka m'mipopi ya mu mzinda wa Zomba. Chakumtunda kwake kuli mathithi a Mandala ndi a Williams, komanso maiwe omwe kale ankawetamo nsomba za trout zobwera ndi azungu. Msewu wa kuno ndi wofatsa, wabwino kuzolowererapo manja. Gwirani chiwongolero zala zazikulu zili kunja, osazilowetsa m'kati mwa gudumu. Tayala likagunda chitsa chiwongolero chimabwerera mwamphamvu, ndipo chala chimathyoka. Yang'anani patali, mamita 20 kapena 30 kutsogolo, osati pa boneti. Mwala waukulu musaulambalale n'kuulowetsa kumimba: upondeni ndi tayala, pang'onopang'ono, galimoto ikwere nawo. Khwawa lodutsa msewu mulidutse mopingasa pang'ono, tayala limodzi nthawi imodzi, osati kugwetseramo awiri akutsogolo limodzi.

Pa makwawa otere ndi pomwe mudzaone chodabwitsa cha difu. Galimoto ya matayala anayi okoka imatha kuima chilili, injini ikulira, chifukwa tayala limodzi lakutsogolo ndi lina lakumbuyo la mbali inayo alendewera m'malere. Difu wamba imatumiza mphamvu ku tayala lomwe likuzungulira mosavuta, ndiye olendewerawo amapota mphepo pamene ogwira pansi angoti duu. Ngati muli ndi batani la diff lock, nthawi yake ndi imeneyi, ndipo mulizimitse mukangodutsa. Ngati mulibe, bwererani m'mbuyo pang'ono, ponyani miyala m'dzenjemo, yesaninso. Kuponda moto wambiri sikuthandiza. Kumangokumba dzenje lomwe anzanu adzagweremo mawa.

Kuchoka m'chigwa msewu umakwera chakum'mawa, kudutsa kadamu ka Chagwa, kukafika pa malo awiri oonerapo dziko omwe maina awo ndi mbiri ya alendo olemekezeka. Queen's View anaitcha choncho pokumbukira mayi wa Mfumukazi Elizabeth II, omwe anacheza ku Nyasaland mu 1957. Emperor's View ndi ya Haile Selassie wa ku Ethiopia, yemwe anabwera mu 1965, dziko litangolandira ufulu. Zimandiseketsa kuti anthu omwe anaimapo mphindi zochepa ndi omwe anasiya maina, pamene amayi otola nkhuni omwe apumirapo mibadwomibadwo sanatchulidwe ndi mwala umodzi womwe. Koma zoonekazo zilibe mwini. Tsiku lopanda utsi, mzinda wonse umaoneka m'munsi ngati mbewu zomwazika, kutsogolo chigwa cha Phalombe, chakumanzere nyanja ya Chilwa yomwe inaphwa mu 1995 ndipo yakhala ikuphwera zaka zina, ndipo patali Mulanje atakhala ngati mfumu pa bwalo.

Chitunda chopita kumeneku ndi pomwe 4L imayamba ntchito. Siilowa galimoto ikuthamanga: imani, pondani kilatchi kapena ikani pa N ngati ndi ya otomatiki, kenako kankhani kandodo. 4L imachepetsa liwiro la giya iliyonse kawiri kapena kawiri ndi theka, n'kuchulukitsa mphamvu yokoka mofanana. Galimoto imayenda ngati munthu wapansi koma ingathe kukwera chomwe maso anu akukayika. Sankhani giya muli m'munsi, kawirikawiri yachiwiri, ndipo mukayamba kukwera phazi lichoke pa kilatchi. Kusintha giya pakati pa chitunda ndi komwe kumazimitsa injini, ndipo kukwera mutaponda kilatchi theka ndi komwe kumabweretsa fungo lija la nsanza yopserera.

Nanga ikazima pakatikati? Ili ndi funso lomwe aliyense woyamba amaliopa, ndipo yankho lake ndi lofunika kuliyeserera pa kachitunda kakang'ono musanalifune pa chachikulu. Pondani buleki zolimba. Musayese kutembenuza galimoto pa chitunda, chifukwa ikapingasa m'pomwe imagubuduka. Ikani rivesi, injini ikhale yolira, chotsani phazi pa kilatchi, mubwerere chafutambuyo molunjika mpaka pansi, giya ikugwira galimoto. Mukafika, pumani, ganizirani chomwe chalakwika, yambiraninso. Palibe amene amalemba kaundula wa kangati mwayesa.

Ulendo wautali ndi wopita ku Chingwe's Hole, kumphepete kwa phiri koyang'ana ku chigwa cha Shire. Msewu wake ndi woipirapo, ndipo ukhale wa tsiku lomwe mwazolowera kale, makamaka muli galimoto ziwiri. Dzenje lenilenilo ndi laling'ono kukamwa, lobisika m'mitengo, ndipo wobwera ndi chiyembekezo choona chiphompho amakhumudwa. Kulemera kwake kuli m'nkhani zomwe anthu amasimba, zoti mafumu akale ankaponyamo adani awo, ena amati odwala khate. Masitepe ochepa kuchoka pa dzenjelo nthaka imathera pomwepo, ndipo pansi patali pamaoneka chigwa cha Shire. Imikani galimoto kutali ndi m'mphepete, mu giya, handibuleki yokoka, mwala kutayala.

Panjira imeneyi mudzadutsa m'magawo momwe paini anadulidwa kapena kupsa, mwatsala zitsa ndi udzu. Phirili lakhala likumetedwa kwa zaka zambiri, ndi macheka ololedwa ndi osaloledwa omwe, ndipo izi zimakhudza woyendetsa mwachindunji. Pomwe mitengo yachoka, madzi amvula amathamanga pamsewu n'kuukumba. Pomwe malole a matabwa adutsa dothi lili lonyowa, amasiya mikwasa iwiri yakuya ndi msana pakati. Matayala a lole ndi aakulu kuposa anu, choncho mukalowa m'mikwasa yake mimba ya galimoto imakhala pa msanawo, matayala onse anayi n'kumazungulira opanda chogwira. Ngati kwauma, yendani matayala a mbali imodzi ali pamsana, ena ali m'mbali. Mukakumana ndi lole pa msewu wopapatiza, musalimbane nayo za malamulo. Mwambo wa m'mapiri ndi wakuti wotsika amapatukira wokwera, popeza wokwera akaima amavutika kunyamukanso, koma lole yodzaza matabwa ikamatsika, wanzeru ndi amene wapeza popatukira msanga.

Zonsezi ndi za m'chilimwe, kuyambira Meyi mpaka Okutobala. M'dzinja phirili si sukulu ya woyamba ayi. Dothi lofiira likanyowa limaterera ngati therere, limamatirira m'mizere ya matayala mpaka tayala kusalala, ndipo galimoto imayenda cham'mbali ngati nkhanu ngakhale chiwongolero chili chowongoka. Anthu a ku Zomba sachita nayo masewera mvula ya paphiri. Mu Disembala 1946 chimvula chinagumula mbali za phirili, madzi ndi miyala zinatsikira mu mzinda, kukokolola milatho ndi kupha anthu; akuluakulu anati wadutsa Napolo, ndipo dzinalo likadali pakamwa mpaka lero. Ngakhale m'miyezi youma muli misampha yake. Juni ndi Julayi amabwera ndi chiperoni, nkhungu yomwe imatseka phiri m'mphindi zochepa moti boneti yanu yomwe mumaiona mwa apo ndi apo. Ikakupezani, yatsani magetsi, chepetsani liwiro, ndipo ngati simukuona m'mphepete mwa msewu imani mudikire. Seputembala ndi Okutobala ndi miyezi ya moto wolusa. Musaimike galimoto pa udzu wautali wouma, chifukwa paipi ya utsi yotentha imayatsa udzu pansi pa galimoto inu mukujambula zithunzi.

Zonyamula si zambiri: sipeya yokhala ndi mpweya, jeke ndi kathabwa kolimba koikapo jekeyo pa dothi lofewa, khasu kapena fosholo, chikwanje chodulira nthambi zogwera pamsewu, chingwe chokokera galimoto, madzi akumwa ndi juzi. Thanki ikhale yodzaza kuchokera m'tauni, chifukwa 4L imamwa mafuta kuposa momwe makilomita akuonetsera. Chingwecho muzimangirira pa ngowe zomwe anakonzera ntchito imeneyo, osati pa kampira kokokera ngolo. Kakathyoka kamauluka ngati chipolopolo.

Phunziro lalikulu la phirili lili pobwerera. Kukwera, kunena zoona, ndi ntchito ya galimoto, munthu amangoiongolera. Kutsika ndi ntchito ya dalaivala, ndipo m'pomwe 4x4 imanamiza anthu. Matayala anayi okoka amathandiza kunyamuka, koma sawonjezera kalikonse pa kuima: kagalimoto kakang'ono kali ndi mabuleki pa matayala anayi, inunso chimodzimodzi, kungoti inu mukulemera matani awiri. Pa mtsetse wadothi ikani 4L, giya yoyamba, mapazi onse achoke pa zopondera, injini igwire galimoto. Koyamba mtima umakana. Galimoto imaweramira kutsogolo, pagalasi mukungooneka nthaka, injini ikubuula, ndipo phazi lamanzere limafuna lokha kuponda kilatchi. Mukaponda, mwamasula galimoto ku injini, ndipo imathamanga nthawi yomweyo. Mukaponda buleki mwamphamvu pa miyala yoyendayenda, matayala amauma, ndipo tayala louma silimvera chiwongolero. Ngati liwiro lakula, pondani buleki mofewa, mwapang'onopang'ono. Ngati kumbuyo kwayamba kutsetserekera kumbali, chotsani phazi pa buleki, muwongolere komwe msewu ukutsikira, ngakhale thupi lonse likukuuzani zosiyana. Galimoto za masiku ano zina zili ndi batani lotsitsa galimoto lokha pa mtsetse, ndipo limagwira ntchito bwino, koma phunzirani kaye ndi giya kuti mudziwe chomwe batanilo likukuchitirani.

Mukafika pa tala, bwezerani 2H, pompani matayala, masulani mahabu. Kandodo kakakanirira, bwererani m'mbuyo mamita ochepa molunjika, kamasuka. Koma musaganize kuti mayeso atha, chifukwa kuchoka pa Ku Chawe kufika m'tauni ndi mtsetse wautali wa makona okhaokha. Madalaivala ena amakonda kutsika mapiri giya ili pa firii, ati kupulumutsa mafuta. Pa injini za masiku ano n'zabodza: galimoto ikamatsika ili mu giya phazi lili kumbali, kompyuta imadula mafuta pafupifupi onse, pamene pa firii injini imamwabe kuti isazime. Choopsa n'chakuti pa firii mtolo wonse umagwera mabuleki. Amatentha, amayamba kununkha, mafuta a mabuleki amatha kuwira, ndipo pa kona yachikhumi chopondera chimangolowa mpaka pansi ngati mwaponda nsima. Lamulo lakale la madalaivala a malole ndi loti giya yomwe mwakwerera ndi yomwe mutsikire. Pa otomatiki, chotsani pa D muike pa 2 kapena L. Mukamva fungo la mabuleki, imani pamalo otakasuka mudikire azizire okha, osawathira madzi.

Amene wazungulira phiri la Zomba kawiri katatu, nakwera ndi kutsika osanunkhitsa kilatchi kapena mabuleki, angathe kuyamba kuganiza za kumpoto: msewu wautali wafumbi wochoka ku Rumphi kudzera pa chipata cha Thazima kukafika ku Chelinda pa Nyika, kapena Gorodi, wochoka ku Chitimba m'mphepete mwa nyanja kukwera ku Livingstonia ndi makona 20 opindika ngati chigongono. Pa Gorodi galimoto yaitali imafika pa makona ena n'kulephera kukhota kamodzi, ndiye dalaivala amabwerera m'mbuyo pang'ono, phompho lili kumsana, asanapitirize. Rivesi ya pa chitunda ija munayeserera pafupi ndi damu la Chagwa, kumeneko mudzaigwiritsa ntchito nyanja ikuonekera pa galasi lakumbali.